Ndemanga pa ntchito ya akatswiri amene anatijambulira nyumba yophunziriramo m'magulu ku Lusaka

Koleji imene ndimaphunzitsako, yomwe ili chakum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, inalemba ntchito kampani ina ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba kuti itikonzere nyumba yatsopano ya nsanjika ziwiri, yoti ophunzira aziphunziriramo m'magulu m'malo mongokhala pa mizere ya mabenchi n'kumalemba zimene mphunzitsi akunena. Nyumbayo inamangidwa, ikugwiritsidwa ntchito, ndipo yadutsa kale m'nyengo ya mvula, yozizira ndi yotentha, kotero kuti tsopano n'zotheka kunena zimene zinayenda bwino ndi zimene zinalephereka popanda kudalira zithunzi zokongola za pa kompyuta zimene tinaonetsedwa poyamba. Ndinali m'komiti imene inkakumana ndi akatswiriwo kuyambira pa pulani yoyamba kufikira tsiku lolandira makiyi, ndipo panopa ndimaphunzitsa m'zipinda zomwezo. Dzina la kampaniyo ndi la koleji yathu sinditchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo.

Kampaniyi ndi yoyenera kuilemba ntchito, koma osati mwachimbulimbuli. Pa nkhani ya dzuwa, mpweya ndi kuwala, imene imavuta m'nyumba zambiri zatsopano za mumzinda uno, anagwira ntchito yotamandika. Pa nkhani ya phokoso anaphonya, ndipo kuphonya kumeneko n'kwakukulu chifukwa nyumba yophunziriramo m'magulu ndi nyumba yoti anthu ambiri azilankhuliramo nthawi imodzi.

Pa msonkhano woyamba anatifotokozera kumene maganizo a zipinda zoterezi anachokera. M'zaka za m'ma 1990, Robert Beichner wa ku North Carolina State University anayambitsa njira yotchedwa SCALE-UP, mmene ophunzira 9 amakhala mozungulira tebulo limodzi atagawidwa m'timagulu ta anthu atatuatatu, ndipo mphunzitsi amayendayenda pakati pawo m'malo moima kutsogolo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, yunivesite ya MIT ya ku America inakonza zipinda zofanana nazo zophunzitsiramo fizikisi, zokhala ndi matebulo ozungulira 13. Umboni waukulu unatuluka mu 2014, pamene Scott Freeman wa ku University of Washington ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu, napeza kuti kumene mphunzitsi amangolankhula yekha ophunzira pafupifupi 34 mwa 100 alionse ankalephera, pomwe kumene ophunzira ankakambirana ndi kugwira okha ntchito m'kalasi olephera anali pafupifupi 22 mwa 100 alionse. Chimene ndinawayamikira nacho n'chakuti sanagwiritse ntchito ziwerengerozi ngati nyambo yotikokera. Mayi amene ankatsogolera gulu lawo ananena poyera kuti kafukufuku ameneyu ankayeza kaphunzitsidwe osati makoma, ndiponso kuti wophunzira mmodzi m'chipinda cha magulu amafuna malo pafupifupi kuwirikiza kawiri amene amafuna m'holo ya mabenchi, kotero kuti koleji yopanikizika ndi kuchuluka kwa ophunzira iyenera kuwerengera bwino isanayambe kukumba maziko.

Kuchuluka kwa ophunzirako si nkhani yaing'ono kuno. Yunivesite ya Zambia (UNZA) inatsegulidwa mu 1966 ili ndi ophunzira 312 okha, ndipo lero ili ndi masauzande ambirimbiri. Makoleji ndi mayunivesite a eni ake achuluka, ndipo kuyambira mu 2022, pamene boma linachotsa malipiro m'sukulu zake kufikira ku sekondale, n'zodziwikiratu kuti ogogoda pa makomo a makoleji adzanka nachulukirachulukira. Akatswiri athu anatitengera ku UNZA ya ku Great East Road, imene nyumba zake zoyambirira anajambula Julian Elliott, kuti tikaone makonde ataliatali a konkireti, masitepe otakasuka ndi malo a mthunzi mmene ophunzira amasonkhana okha kukambirana za mayeso popanda wowatuma. Mfundo yawo inali yakuti ophunzira a kuno anayamba kalekale kuphunzira m'magulu, pansi pa mitengo ya ku tinyanja ta Goma Lakes ta pa UNZA, m'makonde ndi m'tizipinda ta lendi ta ku Kalingalinga ndi ku Ng'ombe, ndipo chimene nyumba yatsopano ikanawawonjezera ndicho mthunzi, pokhala, polemba ndi potchajira foni. Mfundo imeneyi ndiyo inatsogolera pulani yonse, ndipo ndikuona kuti inali yolondola.

Tisanasaine mgwirizano tinatsimikiza kaye kuti akatswiriwo ndi olembetsedwa ku Zambia Institute of Architects, ndiponso kuti mainjiniya amene amagwira nawo ntchito ali m'kaundula wa Engineering Institution of Zambia. Makalata onse anatipatsa mosanyinyirika.

Mmene anayambira ntchito ndi mmene anandikopera mtima. Asanajambule mzere ndi umodzi womwe anapempha ndandanda ya makalasi ya chaka chonse, nakhala kumbuyo kwa makalasi athu akale akuonerera, kenaka Loweruka lina anabwera ndi chingwe, zikhomo ndi laimu, nalemba kukula kwenikweni kwa chipinda chimodzi pa bwalo loimikapo magalimoto. Tinanyamula matebulo ndi mipando n'kuziika m'kati mwa mizere ya laimuyo, ophunzira anakhala ndi zikwama zawo monga amachitira masiku onse, ndipo mphunzitsi mmodzi anayesa kudutsa pakati pawo. Pamenepo ndi pamene zinaoneka kuti zikwama zoikidwa pansi zimatseka njira, ndiponso kuti tebulo la anthu 9 n'lotambalala moti wokhala tsidya lina samva mnzake pokhapokha mnzakeyo akweze mawu. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri anauza mtsogoleri wa akatswiriwo kuti, “Amayi, gulu likakula chonchi ena amangobisala, ntchito n'kumagwira anthu awiri okha.” Anamumvera, ndipo matebulo athu ndi a anthu 6, okhala ndi zokolowekapo zikwama kunsi kwake. Tsiku limodzi la chingwe ndi laimu limenelo linasintha pulani kuposa misonkhano yonse imene tinakhala tikuyang'ana zithunzi za pa pulojekita.

Lusaka ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo ili madigiri 15 kum'mwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati. N'chifukwa chake usiku kumazizirirako ngakhale m'miyezi yotentha, ndipo dzuwa la pakati pa tsiku limadutsa chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, n'kusunthira pang'ono chakum'mwera kuyambira mu Novembala kufikira kumayambiriro kwa Febuluwale. Dzuwa lozunza kwambiri ndi la kumadzulo, limene limalowa mopendekeka pa zenera lililonse loyang'ana kumeneko pa nthawi imene makoma atentha kale. Akatswiriwo anagoneka nyumba motalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kotero kuti makoma aatali okhala ndi mazenera amayang'ana kumpoto ndi kum'mwera ndipo amatetezedwa ndi khonde, pomwe khoma la kumadzulo n'lalifupi ndi lochindikala, ndipo kuseri kwake anaikako masitepe ndi zimbudzi. Akuluakulu ena a koleji ankafuna kuti kumaso kwa nyumba kukhale magalasi okhaokha oyang'ana kumsewu, monga zilili nyumba za maofesi zimene zikumera m'mbali mwa Great East Road ndi Thabo Mbeki Road, chifukwa zoterozo zimaoneka bwino pa zikwangwani zoitanira ophunzira. Akatswiriwo anakana mwaulemu koma mosagwedezeka, naonetsa mmene dzuwa likanalowera ola ndi ola mu Okutobala, ndipo pamapeto pake magalasi anachepa, khonde n'kukula.

Mpweya umalowa pa mazenera a m'munsi n'kutulukira pa timazenera ta pafupi ndi denga, ndipo pakati pa nyumba pali bwalo losafoleredwa limene limalola mpweya wotentha kukwera n'kuchoka. Makoma a njerwa zootcha ndi konkireti ya pansi zimasunga kuzizira kwa usiku ngati timazenera ta pamwambato tasiyidwa totsegula, ndipo masana zimayamwa kutentha pang'onopang'ono. Njira imeneyi si yachilendo m'chigawo chino, popeza nyumba ya Eastgate ya ku Harare, imene anajambula Mick Pearce ndipo inatsegulidwa mu 1996, inaonetsa kale kuti nyumba yaikulu ingathe kukhala yabwino kukhalamo popanda kudalira kwambiri makina oziziritsa mpweya. Ndaphunzitsapo m'chipinda chodzaza 2 koloko masana mu Okutobala magetsi atazima, ndipo ngakhale kuti simunali mozizira, panalibe wodzikupiza ndi kope kapena wosinza, zimene m'nyumba yathu yakale ya malata zinali za tsiku ndi tsiku. Kuwala kumalowera mbali ziwiri, sikuthobwa m'maso ndipo sikunyezimira pa bolodi, moti masana nyale sizifunika. Zipinda za kum'mwera zimazizira kwambiri m'mamawa a mu Juni ndi Julayi, koma limenelo ndi vuto la juzi, osati la ndalama. Chovuta kwenikweni ndi fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, limene mphepo imalowetsa pa timazenera tomwe tija. Bambo amene amasamalira nyumbayi anauza mmodzi wa akatswiriwo pa tsiku loyendera kuti, “Bwana, mazenera anuwa ndi abwino, koma wotseka ndine, ndipo makwerero ndilibe.” Patapita nthawi anatumiza ndodo zazitali zokhala ndi ngowe, zimene zikanayenera kuganiziridwa kuyambira pachiyambi.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza mu Febuluwale chaka chimenecho kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatsitsa madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba mpaka m'miyezi ina magetsi ankazima maola ambiri kuposa amene ankayaka, ndipo wojambula nyumba ya sukulu masiku ano alibe chowiringula ngati saganizira zimenezi. Akatswiri athu anapendeketsa mbali imodzi ya denga kuyang'ana kumpoto kuti pakhale malo a sola, ndipo anagawa mawaya pawiri: intaneti, masoketi a ophunzira, nyale za m'makonde ndi pampu ya madzi zili pa sola ndi mabatire, pomwe zina zonse zimadikira magetsi a masiku onse. Kugawa kumeneku kunachepetsa mabatire ofunika kugula, ndipo jenereta, imene kale inkalirira pansi pa mazenera a makalasi, sitiiyatsanso kawirikawiri. Pamene analakwitsa ndi poika masoketi m'timabokosi tokwiriridwa pansi. M'zithunzi zinkaoneka zaudongo, koma madzi okolopera ndi fumbi zimalowamo, zivundikiro zina zathyoka kale, ndipo tebulo limene amati n'losunthika limakakamizika kukhala pamwamba pa kabokosi kake. M'chipinda chimodzi mmene masoketi anaikidwa pa zipilala ndi m'makoma mulibe vuto limeneli. Anawerengeranso ngati kuti wophunzira aliyense ali ndi laputopu, pomwe ambiri amawerenga ndi kulemba pa foni, kotero kuti timabowo ta USB tikanathandiza kuposa masoketi akuluakulu.

Dandaulo langa lalikulu lagona pa phokoso. Zinthu zomwe zija zimene zimaziziritsa nyumba, njerwa zosapakidwa pulasitala, konkireti ya pansi ndi denga lalitali lopanda siling'i, n'zolimba, ndipo chinthu cholimba chimabweza mawu m'malo mowameza. M'holo ya masiku onse wolankhula amakhala mmodzi, choncho kubwerera kwa mawu kumangosokoneza pang'ono. M'chipinda cha magulu olankhula amakhala ambiri nthawi imodzi, ndipo pamachitika chimene dokotala wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza zaka zoposa 100 zapitazo, chakuti munthu amakweza mawu mosazindikira akamva phokoso pomuzungulira. Tebulo lina likakweza, loyandikana nalo limakwezanso, ndipo m'masabata oyamba, pakangotha mphindi zochepa ndapereka ntchito, chipinda chonse chinkamveka ngati msika wa Soweto wa mu Lusaka Loweruka m'mawa. Kuti ndibweze kalasi yonse kwa ine ndinkachita kumenya tebulo ndi dzanja, ndipo ndikatuluka m'kalasi ya maola awiri pakhosi pankakhala pouma ndi powawa.

Pali njira yosavuta imene aliyense angayesere chipinda asanachilandire. Muime pakati pake muli nokha, muwombe m'manja kamodzi mwamphamvu, mumvetsere kuti kuwombako kukutenga nthawi yaitali bwanji kuti kuzimiririke. M'zipinda zathu zazikulu kunkapitirira kulira m'makoma moti munthu ankatha kukumva kukuchoka ku ngodya ina kupita ku inzake. Muyezo wa ku America wotchedwa ANSI S12.60 umanena kuti m'kalasi yaing'ono mawu asachedwe kuzimiririka kupitirira masekondi 0.6, ndiponso kuti phokoso la m'chipinda chopanda anthu lisapitirire ma decibel 35 pa muyeso wa kukula kwa phokoso. Munthu amene anabwera ndi makina oyezera anapeza kuti zipinda zathu zinali kutali ndi muyezo umenewu. Ovutika kwambiri si ophunzira olankhulalankhula aja, koma amene makutu awo samva bwino ndi amene Chingelezi anachiphunzirira kusukulu kokha, chifukwa m'chinenero chimene sunakulire nacho liwu limodzi likakuphonya chiganizo chonse chimasochera. Magulu athu amakambirana mosakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingelezi, koma mawu a phunziro lenilenilo amakhala a Chingelezi, ndipo ndi omwewo amene phokoso linkawameza.

Mmene kampaniyo inayankhira dandauloli sizinandikondweretse. Poyamba anati vuto ndi la aphunzitsi amene sanazolowere kuwongolera makalasi oterewa. Zitayezedwa, zinadziwika kuti m'pulani yoyamba munali siling'i yomeza mawu, koma pamene koleji inapempha kuti mtengo wa nyumba utsike, iwo eni anaiika pa mndandanda wa zinthu zokongoletsa zoti zingachotsedwe, pamodzi ndi maluwa ndi matailosi a pakhomo, popanda chenjezo lililonse lolembedwa. Wogula sangadziwe yekha kuti chinthu chooneka ngati chokongoletsa ndicho chikugwira kalasi yonse. Ndalama zimene timalipira katswiri n'zoti atiuze zimenezo. Chodabwitsa n'chakuti za phokoso la mvula anaziganizira bwino, moti anaika zotchinga pansi pa malata ndipo mvula ya mu Januwale siyimitsa phunziro m'nsanjika ya pamwamba, koma za mawu a anthu amene nyumbayo inamangidwira anazipeputsa.

Atavomereza, anakonza bwino ndithu. Anajambula mwaulere matabwa ofewa okutidwa ndi nsalu, opachikidwa kudenga m'mizeremizere motayana kuti mpweya uzidutsabe ndiponso konkireti izipitirira kusunga kuzizira, anawonjezera zomatapo mapepala m'makoma amene ankabweza mawu kwambiri, ndipo miyendo ya mipando anaiveka mphira. Zipangizo inalipira ndi koleji, ndipo ntchitoyo inagwiridwa maphunziro ali m'kati, amisiri ali pamakwerero ophunzira akudikira pakhonde. Tsopano munthu angathe kumva a patebulo lake popanda kuwerama, ndipo ine ndikalankhula ndi mawu anga a masiku onse kalasi imatembenuka. Chimene sichinakonzeke ndi khoma lopindika limene limagawa chipinda chachikulu pawiri. Likatsekedwa limabisa nkhope zokha, mawu amadutsa kunsi ndi pamwamba, moti makalasi awiri sangaphunzire bwino nthawi imodzi, ndipo olemba ndandanda anasiya kuwaika moyandikana. Khoma limenelo linadya ndalama zambiri, ndipo amene akuganiza zoligula ayambe wakamva ndi makutu ake kumene likugwira ntchito.

Pa mipando ndi matebulo zinasakanikirana. Mipando ya matayala anaisankha m'buku la malonda n'kuiitanitsa kunja, ndipo ngakhale ndi yokoma kukhalapo, matayala ake ayamba kuguluka ndipo ena oti n'kubwezerapo sapezeka mu Lusaka. Matebulo anawajambula okha n'kuwapatsa akalipentala a ku Kalingalinga kuti awapange ndi matabwa a mukwa pa miyendo yachitsulo, ndipo onse akadali nji, ndiponso limodzi likagwedera wolikonza ali pafupi. Uphungu wawo wabwino koposa pa zipangizo unali wotiletsa kugula sikirini ya tebulo lililonse monga amachitira m'mayiko olemera. M'malo mwake anazunguliza makoma ndi mabolodi oyera olembapo, kotero kuti gulu lililonse lili ndi khoma lake. Ndikaima pakati pa chipinda ndimaona nthawi yomweyo gulu limene lasochera pa sitepe yachiwiri ya samu ndi limene latsiriza kale, zimene m'makope otsekedwa ndinkazidziwa pa mayeso pokha. Mabolodi safuna magetsi, sabedwa, ndipo mtengo wawo ndi zolembera basi.

Za pansi pa nthaka ndingodutsapo mwachidule chifukwa zinayenda bwino. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa thanthwe la miyala ya laimu limene lili ndi mapanga ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi amakwera kwambiri m'nyengo ya mvula, monga akudziwira bwino anthu a ku Kanyama. Akatswiriwo anaumirira kuti nthaka iyezedwe maziko asanajambulidwe, anakweza pansi pa nyumba, anatalikitsa dzenje la zonyansa ndi chitsime chathu, ndipo madzi a padenga amagwera m'matanki ogwiritsa ntchito m'zimbudzi. Potsatira lamulo la 2012 loteteza anthu olumala, anaika njira yotsetsereka yokwerera ku nsanjika ya pamwamba m'malo modalira chikepe chimene chimaima magetsi akazima. Njirayo inadya malo ambiri chifukwa imakwera mita imodzi pa mamita 12 alionse, koma wophunzira wa pa njinga ya olumala amafika m'kalasi iliyonse yekha, kudzera pamene anzake onse amadzera.

Chimene pulani inachepetsa ndi malo a munthu wofuna kuwerenga yekha. Nyumba yonse inaganiziridwa za magulu, ndipo tizipinda tachete tilipo towerengeka, tinanso tili pafupi ndi masitepe otakasuka amene ophunzira amakhalapo n'kumacheza. Ikayandikira nthawi ya mayeso ophunzira omwe aja amene amakonda kukambirana amafuna bata, ndipo kwa amene amagona anayi m'chipinda chimodzi cha lendi, kapena amene amachokera ku Mtendere ndi ku Chawama pa minibasi kuchoka m'nyumba zodzaza ana, bata limenelo kwawo kulibe. Kukambirana m'gulu kumapindula pamene aliyense wayamba wawerenga payekha, ndipo akatswiri amene anationetsa bwino chotere mmene ophunzira athu amakhalira anayenera kuiona mbali imeneyinso.

Pa za mapepala ndi ndalama, malipiro awo anawagawa m'zigawo zogwirizana ndi ntchito imene yatha, ndipo palibe ndalama imene anatipempha yosalembedwa mu mgwirizano. Mapulani anawapereka okha ku Lusaka City Council monga lamulo la 2015 la kamangidwe ka mizinda limafunira, ndipo anatithandiza kusankha kontirakitala wolembetsedwa ku National Council for Construction. Mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake unali womveka, ngakhale kuti zinthu zoitanitsa kunja zinakwera mtengo potsatira kusinthasintha kwa kwacha, zimene zikanachepa akanasankha zipangizo za konkuno zochulukirapo. Chimene chinatikhumudwitsa ndi kusintha kwa nkhope. Pa nthawi yofuna ntchito ndi yojambula, mtsogoleri wawo ankabwera yekha pa msonkhano uliwonse. Makoma atangoyamba kukwera tinayamba kuona achinyamata a mu ofesi yawo, aulemu ndi akhama, koma opanda mphamvu yogamula kanthu, moti funso laling'ono la kontirakitala linkagona masiku likudikira yankho, amisiri ali khale pamthunzi. Mauthenga a pa WhatsApp ankawerengedwa osayankhidwa, ndipo zolemba za misonkhano zinkafika msonkhano wotsatira utayandikira.

Pali chinanso chimene si mlandu wa akatswiriwo koma chimakhudza phindu la ntchito yawo. Zipindazi zilibe kutsogolo, ndipo malo a mphunzitsi ali pakati, kotero kuti kulikonse kumene angayang'ane ophunzira ena ali kumbuyo kwake. Anzanga ena zimenezi sizinawakomere, moti m'mawa ndimapeza matebulo atakokedwa n'kuikidwa m'mizere ngati kale, ndipo m'kakonzedwe kameneko chipindacho n'choipa kuposa holo yakale, popeza theka la ophunzira limachita kupotoza khosi. Kampaniyo inakonza tsiku limodzi loonetsa aphunzitsi mmene chipinda chimagwirira ntchito, zimene sizinali mu mgwirizano, koma tsiku limodzi silisintha chizolowezi cha zaka makumi awiri. Ndandanda ya ola limodzi pa phunziro nayonso sigwirizana ndi zipindazi, chifukwa magulu akamakhazikika ndi kuyamba kutsutsana zenizeni nthawi imakhala yatha. Koleji imene sinakonzeke kusintha ndandanda ndi kuphunzitsa aphunzitsi ake ingapindule kwambiri itamanga holo yabwino yokhala ndi makonde otakasuka, n'kusunga ndalama zotsalazo.

Kwa amene akonzeka, kampani ya mtundu umenewu ndiyo yofunika, koma safunsa anadya phula, ndipo zina ziyenera kulembedwa mu mgwirizano osati kungolonjezedwa pakamwa. Mulembe kuti katswiri wa za kamvekedwe ka mawu adzakhala m'gulu lawo kuyambira pa pulani yoyamba, ndiponso kuti zipinda zidzayezedwa ndi makina musanalandire makiyi. Mulembenso dzina la amene azidzayendera ntchito, kangati pa mwezi, ndi masiku amene funso la kontirakitala liyenera kukhala litayankhidwa. Akakubweretserani mndandanda wa zinthu zoti zichotsedwe pofuna kutsitsa mtengo, mupemphe kuti pa chilichonse alembe chimene mudzataye mukachichotsa, ndipo bambo kapena mayi wosamalira nyumba akhale nawo pa msonkhano umenewo. Ife gawo lomaliza la malipiro awo tikuligwirabe mpaka atatipatsa mapulani osonyeza mmene mawaya ndi mapaipi anadutsiradi m'makoma, amene amisiri athu akuwafuna kuti asamutse masoketi a pansi aja, ndiponso mpaka atabwera ndi njira yotsekera mipata ya khoma lopindika nyengo ya mayeso isanafike.